Maina a Pansi pa Mndandanda

Nthawi zonse pamene mphunzitsi wa timu ya dziko aulutsa maina a anyamata opita ku mpikisano waukuru, m'dziko monse mumabuka mkangano. Pa sukulu pano mkanganowo umayambira m'nyumba yodyera, nukathera ku nyumba zogona belu la tulo litalira kale. Koma mukachera khutu bwino mudzamva kuti onse akangana za maina awiri kapena atatu okha, maina a anthu ochuka: uyu amtengeranji popeza wakalamba, uja amsiyiranji popeza amwetsa zigoli ku South Africa. Sindinamvepo munthu ndi mmodzi yemwe alinkufunsa kuti, "Kodi goloboyi wacitatu ndani?" Ine ndinena kuti funso lofunika ndi limenelo, ndi kuti maina a pansi pa mndandanda ndiwo ayenera kumsowetsa tulo wosankhayo koposa maina a pamwamba.

Osewera 8 kapena 9 oyamba adzisankha okha. Ngakhale mwana wa Fomu 1 amene amva mpira pa wailesi pokha akhoza kuwalemba pa pepala osaphonya. Nchito yeni-yeni ya wosankha iyamba pamene wafika pa dzina la 12 kunka m'munsi, cifukwa pamenepo palibe womthandiza, ndipo anthu a m'dziko asiya kale kuyang'ana.

Taonani, anzanga, m'mene mpikisano wa cikho usiyanira ndi ligi. Mu ligi timu isewera, nipuma sabata, ndipo wobvulala acira pang'ono-pang'ono anzace alinkumgwirira malo. Mu Cikho ca Africa timu isewera pakapita masiku 3 kapena 4, ndipo imene ifika ku mapeto isewera kasanu ndi kawiri m'mwezi umodzi. Wolandira makadi acikasu awiri akhala pansi pa masewero otsatira. Wina atupa bondo, wina adwala m'mimba cifukwa ca cakudya cacilendo. Tsono mpikisano ukangoyamba citseko catsekeka. Mphunzitsi sangatumize mau kwao kuti amtumizire munthu wina pa ndege ya mawa. Amene anawalemba ndi omwewo, ndipo tsiku lina adzaceuka kuyang'ana pa benchi kuti aone anadzisungira ciani.

Ife Amalawi sitisowa kupita kutali kukafuna umboni. Timu yathu ya Flames inafika ku Cikho ca Africa mu 1984 ku Ivory Coast, mu 2010 ku Angola, ndi mu January 2022 ku Cameroon. Ulendo wacitatuwu unacitika mliri wa Covid-19 uli pakati, kotero kuti akuru a mpira mu Africa analola dziko liri lonse kulemba osewera 28 m'malo mwa 23. Ngakhale zinatero, pa 10 January, pamene tinakomana ndi Guinea ku Bafoussam, nthendayo inali itagwira anyamata athu ambiri, ndipo okhala pa benchi ukadawawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Tinagonja 1-0. Mkuru wa aphunzitsi, Mario Marinica, nayenso inamgwira, ndipo amene anaimirira m'mbali mwa bwalo kulangiza anyamata anali wothandiza wace, Meck Mwase. Ndiye anatsogolera ndithu pamene tinagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango.

Anthu akakumbuka ulendo umenewo achula Mhango, makamaka cigoli cija anamenyera kutali-tali pa masewero a Morocco. Sindimcotsera ulemu wace. Koma tikadafika bwanji pokomana ndi Morocco tikadagonja kwa Senegal? Pa tsiku limenelo, 18 January, Ernest Kakhobwe amene anagwira pagolo pa masewero awiri oyamba sanathe kusewera, ndipo analowa mnyamata wina, Charles Thomu, amene anthu ambiri akunja anali asanamve dzina lace. Patsogolo pace panali Sadio Mané ndi anzace, timu yomwe ija inatenga cikho kumapeto kwa mpikisanowo. Mphindi 90 zinatha ukonde wathu usanagwedezeke. Masewero anathera 0-0, ndipo pointi imodziyo ndiyo inatikwanitsira mapointi 4 amene anatiolotsa kulowa m'gulu la maiko 16, cinthu cimene dziko lathu linali lisanacitepo. Tsiku lija maina anaulutsidwa, ndi angati mwa ife anakangana za Thomu?

Mu mpikisano womwewo anthu a ku zisumbu za Comoros anaona zoposa zathu. Unali ulendo wao woyamba, ndipo anadabwitsa Africa yense pogonjetsa Ghana 3-2. Koma mvula ikakuona litsiro sikata. Pofika tsiku lokomana ndi eni mudzi, Cameroon, goloboyi wao mmodzi anali wobvulala ndipo awiri anawapeza ndi Covid-19. Pagolo panaima Chaker Alhadhur, munthu wosewera kumbuyo ca kumanzere, atabvala malaya a mwini wace ndi nambala yomata. Posacedwa kapitao wao anamturutsa ndi kadi yofiira, natsala anthu 10. Anagonja 2-1 cabe, ndipo Alhadhur anachinga mipira ingapo imene goloboyi weni-weni akadanyada nayo. Pamenepa palibe angadzudzule wosankha, pakuti tsoka lotere palibe alilota. Ndaichula nkhaniyi kuti muone kuti mndandanda umadyeka kufikira dzina lomariza, ndipo nthawi zina nupitirira.

Wina adzati izi zinali za caka ca mliri cabe. Iai. Mu 2015 Ivory Coast inakomana ndi Ghana pa masewero omariza ku Bata, m'dziko la Equatorial Guinea. Goloboyi wao woyamba, Sylvain Gbohouo, anabvulala, ndipo analowa Boubacar Barry, bambo wa zaka 35 amene anakhala pa benchi mpikisano wonse, amenenso anthu a kwao anali kumnyoza kuti watha. Masewero anafika pa mapenate, ndipo Ivory Coast inaphonya awiri oyamba. Barry anachinga penate imodzi, namenyana nazo mpaka osewera onse a m'bwalo anatha kumenya, natsala magoloboyi okha. Anachinga ya goloboyi mnzace wa Ghana, nadzuka, namenya yace, nigwera mu ukonde: 9-8. Ndipo kale-kale mu 1966 Geoff Hurst wa England sanasewere masewero atatu oyamba a Cikho ca Dziko Lonse. Analowa cifukwa Jimmy Greaves anabvulala mwendo, namwetsa zigoli 3 pa masewero omariza pamene anagonjetsa West Germany 4-2.

Tsono ngati malo amenewa ali olemera cotere, nanga agawidwa bwanji? Apa ndipo pali bvuto. Popeza onse aganiza kuti munthu wa nambala 21 kapena 22 sadzagunda mpira, malowo asanduka mphatso. Wina apatsidwa cifukwa anatumikira dziko zaka zambiri ndipo nkwamanyazi kumsiya. Wina apatsidwa kuti ocemerera timu yakuti-yakuti aleke kudandaula. Ife tomwe ocemerera tiri ndi mlandu pano, pakuti mndandanda ukaturuka sitifunsa kuti akabvulala wa kumbuyo ca kumanja adzalowa ndani. Timatenga pensulo ndi kuwerenga kuti a Bullets ndi angati, a Wanderers ndi angati, a Silver ndi angati, a cigawo cathu ndi angati. Wosankha wofooka mtima amva phokosolo, nayesa kukondweretsa onse pogawa malo omariza monga amai agawa ndiwo kwa ana, kuti pasakhale wolira. Koma timu ya dziko si Nyumba ya Malamulo kuti boma liri lonse likhale ndi phungu wace.

Ena apeputsa malowa mwa njira ina. Mu 2010 dziko la North Korea linafuna kucenjera: lamulo linati timu ikhale ndi magoloboyi atatu, iwo nalemba wosewera kutsogolo, Kim Myong-won, pa malo a goloboyi wacitatu, poyesa kuti apindula womwetsa zigoli wapadera. Akuru a FIFA anayankha kuti popeza mwamlemba goloboyi, adzasewera pagolo pokha. Munthuyo sanasewere mpikisano wonse.

Pali maganizo ena amene aoneka abwino koposa awa, ndipo ambiri a ife ana a sukulu tiwakonda. Ati malo omariza apatsidwe kwa acinyamata kuti akaone m'mene zicitikira, akaphunzire, adzathandize mtsogolo. Ine ndiri ndi zaka 17, ndipo mtima wanga ufuna kubvomera. Koma taonani cimene cinacitikira England mu 2006. Mphunzitsi wao, Sven-Göran Eriksson, anatenga osewera kutsogolo anai okha kupita nao ku Germany. Wayne Rooney anali atangocira fupa la phazi. Michael Owen nayenso anali atakhala miyezi osasewera bwino-bwino cifukwa ca kubvulala. Wacitatu anali Peter Crouch. Wacinai anali Theo Walcott, wa zaka 17, amene anali asanasewereko ndi kamodzi komwe mu timu yaikuru ya Arsenal, ndipo Jermain Defoe, munthu wozolowera kumwetsa zigoli mu ligi yao, anatsala. Owen anathyoka bondo pa masewero a Sweden. Rooney anamturutsa ndi kadi yofiira pa masewero a Portugal, ndipo England inagonja pa mapenate. M'mabvuto onsewa Walcott sanalowe m'bwalo ndi mphindi imodzi yomwe, cifukwa amene anamtengayo sanamkhulupirire. Mnyamatayo analibe colakwa. Anapatsidwa mpando wa mu ndege umene unafunika kwa munthu wina.

Brazil nayo inatenga mnyamata wa zaka 17 mu 1958, Pelé, ndipo anapita ku Sweden bondo liri lopweteka, nakhala pansi masewero awiri oyamba. Kusiyana kwace nkwakuti Vicente Feola anamtenga kuti akasewere. Atangocira anamlowetsa pa masewero a Soviet Union, ndipo mnyamatayo anamwetsa zigoli 6 m'masewero atatu omariza. Cotero sindinena kuti acinyamata atsale. Ndinena kuti wosankha adzifunse funso limodzi pa dzina liri lonse: "Kodi titatsala ndi mphindi 20, tiri kumbuyo ndi cigoli cimodzi, ndingalimbe mtima kumlowetsa munthu uyu?" Ngati yankho ndi iai, kaya ali ndi zaka 17 kaya 35, dzina lace lifafanizidwe. Wofuna kuphunzira akaphunzire ku masewero a ubale.

Palinso cinthu cina cimene ife ogonera pa sukulu ticidziwa bwino koposa anzathu oyendera. Kukhala anthu 20 kapena 30 m'nyumba imodzi kwa masabata ambiri, kudya pamodzi, kugona pa nthawi yoikika, si cinthu capafupi. Munthu mmodzi wong'ung'udza akhoza kuipitsa nyumba yonse. Ayamba ndi kudandaula za nyemba, mawa za kapitao, mkuca anzace atatu amtsata. Tsono ganizani munthu amene kwao ali mfumu ya timu yace, amene anthu amuimbira nyimbo Loweruka liri lonse, lero akhala pa benchi masewero anai osabvula jekete. Si onse angapirire. Wina wodziwa mpira kwambiri asanduka munga, pamene wina womcepera pang'ono luso adzuka m'mawa uli wonse, nathamanga mwamphamvu pokonzekera ngati adzasewera ndiye. Kwa ine waciwiriyu ndiye woyenera malo a 20. Hervé Renard, pamene anali ndi Zambia mu 2012, anabweza Clifford Mulenga kwao mpikisano uli pakati cifukwa ca kuswa lamulo la nthawi yobwerera kogona. Anasankha kutsala ndi anthu ocepa koma omvana. Ndipo amene anamwetsa cigoli cogonjetsa Ghana pa masewero olowera ku mapeto anali Emmanuel Mayuka, amene tsiku limenelo anayambira pa benchi. Pa masewero omariza ku Libreville Joseph Musonda anabvulala mpira utangoyamba, naturuka alinkulira, koma wolowa m'malo mwace anagwira nchito, ndipo Didier Drogba ndi anzace sanamwetse cigoli kufikira Zambia inatenga cikho pa mapenate, 8-7.

Ndidziwa kuti aphunzitsi athu ena adzati, "Mwana iwe, ulankhula za Brazil ndi England, maiko okhala ndi osewera zikwi, dziko laling'ono lipeza kuti anthu 23 ofanana mphamvu?" Zoona, ofanana mphamvu sangapezeke. Koma cifukwa ca comweco dziko laling'ono liribe malo otaya ndi amodzi omwe. Brazil inatha kutenga Ronaldo mu 1994 osamlowetsa m'bwalo, nitengabe cikho, popeza inali ndi Romário ndi Bebeto ndi ena owasungira. Ife tikapereka malo awiri ngati mphatso, tapereka mbali yaikuru ya nkhokwe yathu. Wosankha wa dziko laling'ono afune anthu otha kusewera malo awiri, monga wa kumbuyo amene akhozanso kuima pakati, ndipo atenge amene alinkusewera sabata ndi sabata m'timu zao, ngakhale ndi pa bwalo la fumbi, koposa wa dzina lalikuru amene wakhala miyezi itatu pa benchi kunja.

Ndipo anthu amenewa ayesedwe ulendo usanafike. Tiri ndi cikho ca COSAFA, cimene maiko a kumwera kuno kwa Africa apikisana, ndi masewero a ubale. Kawiri-kawiri ife ocemerera tikwiya mphunzitsi akaika goloboyi wacilendo pa masewero otere, titero kuti ataya dala masewero. Ine ndikadakonda kuti goloboyi waciwiri ndi wacitatu alakwe zolakwa zao pa masewero a ubale ndi Lesotho kapena Mozambique, anthu ocepa alinkuona, kusiyana ndi kuti tsiku lace loyamba kumva nyimbo ya fuko ataima pagolo likhale tsiku lokomana ndi Senegal.