ZA MAU OYENERA POPEMPHA CIPEPESO CA NTHENDA YA PFUMBI

Kwa Mafumu athu olemekezeka, ndi abale onse a Msonkhano uno,

Tiika pamaso panu nkhani ya abale athu amene anatsika m'migodi ya golidi ya ku South Africa, nabwerako ndi mapapu otha. Mudziwa kuti Wenela, amene anachedwa TEBA kuyambira 1977, anatenga amuna a dziko lino ocuruka, kotero kuti mu 1973 anaposa 100,000. Ulendowo unaletsedwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown, nuyambanso mu 1977, nutha mu 1988. Otsala ndi moyo lero ndiwo nkhalamba, ndipo ambiri apuma mobvutika. Pakuti pfumbi la mwala wobooledwa lilowa m'mapapu, nilisiyamo zipsera zosapola. Adotolo aicha nthendayi silicosis. Ikhoza kubisala zaka zambiri munthu atasiya nchito, ndipo itsegulira khomo cifuwa cacikuru.

Mu July 2019 bwalo lalikuru la ku Johannesburg linabvomereza pangano lakuti makampani 6 a golidi, mwa iwo Anglo American, Gold Fields ndi Harmony, apereke marandi 5 biliyoni, asungidwe ndi bungwe lochedwa Tshiamiso Trust. Ndaramazo nza iwo amene anagwira nchito ya pfumbi m'migodi ya makampaniwo pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, osayang'ana dziko lobadwira. Panganolo linachula R70,000, R150,000 ndi R250,000 monga mwa kukula kwa silicosis, ndi kufikira R500,000 kwa wodwalitsa. Tsono mlandu unatha. Cimene tiopa ife ndico mau a anthu athu pofika kwa mlembi ndi kwa dotolo.

Ife tinazolowera kuyamba kalata ndi kugwada. Tilemba kuti, Bwana, ndine kapolo wanu wosauka, ndiri ndi ana 8, mvula yakana caka cino. Zonsezi zikhoza kukhala zoona, koma mlembi wa kumeneko alibe mpata wozilembamo. Nchito yace ndiyo kupeza munthu mmodzi m'mabuku a zaka 40 kapena 50 zapitazo, pakati pa maina osawerengeka. Cifukwa cace coyamba cikhale dzina limene munalembedwa nalo ku mgodi, lingakhale silili la ubatizo, lingakhale kalaliki analipotoza polemba. Ndipo ngati lisiyana ndi la pa citupa ca lero, nenani maina onse awiri poyera. Citsatepo ndico nambala yanu ya nchito. Pamenepo chulani mgodi weniweni. Kunena kuti "ndinali ku Joni" sikuthandiza ai, popeza Joni kwa ife ndi dziko lonse. Nenani Western Deep Levels ku Carletonville, kapena President Steyn ku Welkom, uli wonse ndi zaka zace. Malasha a ku Witbank ndi platinamu wa ku Rustenburg sizili m'pangano ili. Woiwala caka asalote. Akumbukire ngati anapita ndarama zisanasanduke kwacha mu 1971, kapena ngati anabwera ndege ija itagwa. Anenenso nchito yace pansipo, kaya ya makina oboola, kaya ya fosholo, kaya yoimika mitengo.

Cizolowezi caciwiri ticiyesa coopsa koposa, popeza cicokera ku ulemu wathu womwe. Munthu wa kuno ukamfunsa kuti muli bwanji, ayankha kuti ndiri bwino, angakhale usiku wonse wagona cokhala pofuna mpweya. Akabvomera kudwala, ati, pang'ono cabe. Mwamuna amene anaboola miyala m'kati mwa dziko acita manyazi kunena pamaso pa mkazi wace kuti nkhuni zimlaka. Ulemu umenewu ukoma pabwalo la mfumu, koma dotolo alemba cimene wamva. Anene comweci: kale ndinalima mizere 30 dzuwa lisanakwere, lero ndipuma pa mzere wacitatu; popita kudibi ndikhala pansi kawiri; ndinamwa mankhwala a cifuwa cacikuru caka cakuti, ku cipatala cakuti. Mau otere dotolo akhoza kuwayesa. Mau akuti "thupi lonse liwawa" sadziwa powaika.

Sitinena kuti aonjeze, iai. Cithunzi ca cifuwa ndi makina ouziramo mpweya ndizo mboni zazikuru, ndipo kukula kwa cipepeso kucokera kwa izo. Wosuta fodya abvomere kuti asuta. Bodza limodzi likagwidwa lidetsa ndi zoona zomwe.

Amai amasiye nawonso ali ndi gawo, ngati mwamuna anafa ndi nthendayi. Apa tipempha cifatso. Zimene banja likhulupirira za imfayo, kuti wakuti anamlodza, zitsale kunyumba. Pa pepala palembedwe zimene zinaoneka ndi maso, kutsokomola miyezi ingati, kuonda, magazi, ndi cipatala cimene anagonako. Buku lace la kucipatala lisatayidwe pamodzi ndi zobvala zace.

Kwa inu Mafumu tipempha ziwiri. Pamene mucitira munthu umboni kuti dzina la ku mgodi ndi dzina la pa citupa ali munthu mmodzi, lembani cimene mudziwa ndithu, popeza cidindo canu cikapezeka pa bodza, anthu anu onse adzakayikidwa. Ndiponso ciriponi khutu pa iwo oyenda m'midzi ndi kusonkhetsa ndarama za "kulembetsa maina". Tshiamiso Trust silipiritsa kanthu polandira pempho, ndipo sifuna mkhalapakati.

Tipempha kuti pa msonkhano ulinkudza ali yense abwere ndi mapepala a ku mgodi amene apezeka m'mudzi mwace, angakhale ong'ambika kapena odyedwa ndi ciswe, kuti alembi athu akope maina, manambala ndi zaka m'buku limodzi eni ace akali ndi moyo.

Ndife anu mu nchito,
Mlembi wa Msonkhano.