Usasiyire foni yokha, lemba wekha nyengo ya pakhomo panu

Mwanawe, ndikufunse: Lachitatu la sabata yatha kunja kunacha bwanji? Kunagwa mvula kapena kunawala dzuwa? Unavala jekete kapena juzi yokha? Ndikudziwa kuti wayamba kale kukanda m'mutu. Usachite manyazi, ngakhale ife akuluakulu sitikumbuka. Nyengo timaidandaula tsiku lililonse, koma pakangopita masiku atatu taiwala. N'chifukwa chake ndikuti mwana aliyense wa m'kalasi muno akhale ndi kope lolembamo za nyengo kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Meyi, miyezi imene a Met Office amaiwerenga kuti ndi nyengo yophukira mitengo kuno ku Britain.

Ndasankha miyezi imeneyi dala, chifukwa ndiyo yosakhulupirika kuposa yonse. Umachoka pakhomo m'mawa dzuwa lili phwee, pofika nthawi yopuma kusukulu matalala ali wayawaya pa zenera, madzulo utawaleza uwo. Zimenezi zili ndi chifukwa chake. Mu Epulo dzuwa limakhala litayamba mphamvu ndipo limatenthetsa nthaka, koma mpweya wa m'mwamba umakhala ukadali wozizira. Mpweya wofunda wa pansi umakwera msangamsanga, n'kupanga mitambo italiitali imene imakhuthula mvula kwa mphindi zochepa kenaka n'kupita. Mphepo nayo ili ndi mbali yake. Ikachokera kummwera chakumadzulo, kunyanja ya Atlantic, imabweretsa chinyezi ndi kafungo kofunda. Ikatembenuka n'kuchokera kumpoto kapena kummawa, manja amauma ndi kuzizira. Funsa amayi kapena abambo za kumapeto kwa Febuluwale ndi kumayambiriro kwa Malichi mu 2018, pamene mphepo ya kummawa inabweretsa chipale chofewa chochuluka mpaka sukulu zambiri zinatsekedwa.

Mwina ukuti, "Aphunzitsi, zonsezi zili kale pa foni. Ndivutikirenji ndi pensulo?" Funso labwino. Inenso foni ndimaiyang'ana ndisanayanike zovala. Koma foni imakuuza zimene akatswiri akuganiza kuti zichitika m'dera lonse. Kope lako lidzanena zimene zachitikadi pakhomo panu. Mvula ya mu Epulo ikhoza kunyowetsa msewu wanu n'kusiya bwalo la mpira la kutsidya kuli gwa. Tsiku likatha, foni imafufuta zimene inalosera n'kuika za mawa. Siibwerera kudzakupepesa kuti inalakwitsa. Iwe ukamalemba m'mawa zimene foni yanena, mawa lake n'kulemba zimene zachitika, pakutha pa mwezi udzadziwa wekha kuti ndi masiku angati imene inalondola. Pamenepo sudzakhalanso munthu wongouzidwa.

Usaganize kuti ntchitoyi ndi yachibwana. Mu 1736 bambo wina dzina lake Robert Marsham, wa m'mudzi wa Stratton Strawless ku Norfolk, anayamba kulemba tsiku limene mitengo yaphukira masamba, tsiku limene anamva achule akulira koyamba, ndi tsiku limene anamzeze abwerera. Iye atamwalira, ana ndi zidzukulu anapitiriza mpaka mu 1958. Lero asayansi amatsegula zolemba za banja limeneli pofuna kuona ngati mitengo ikuphukira msanga kuposa kale. Mu 2020, anthu ali bindikiro m'nyumba chifukwa cha Covid-19, katswiri wa zanyengo wa pa yunivesite ya Reading, Ed Hawkins, anapempha anthu kuti athandize kulowetsa mu kompyuta miyezo ya mvula yolembedwa pamanja kalekale. Anthu pafupifupi 16,000 anadzipereka, ndipo analowetsa miyezo yoposa 5 miliyoni. Ambiri mwa amene analemba mapepala akalewo anali anthu wamba, oyeza mvula kuseri kwa nyumba zawo. Sankadziwa kuti manambala awo adzafunika patapita zaka zoposa 100. Ankangodzuka, kuyang'ana, n'kulemba.

Zofunika si zambiri. Peza kope, pensulo, lula ndi botolo la pulasitiki losapindika m'mbali. Pempha wamkulu akudulire botololo chakumtunda, ndipo chidutswa cha kukamwacho uchizondotse n'kuchilowetsa m'kati kuti chikhale ngati fanulo. Pansi ikamo timiyala kuti mphepo isaligwetse, thiramo madzi mpaka aphimbe timiyalato, ndipo pamene madzi alekezera ujambulepo mzere. Mzere umenewo ndiye 0 wako. Liike pamtetete, kutali ndi khoma ndi mitengo. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi, mulifupinso mita imodzi. Choncho ukayeza mamilimita 10, dziwa kuti pa kamalo kakang'ono kameneko pagwa madzi odzaza ndowa ya malita 10. Ngati kunyumba kuli kachipangizo koyezera kutentha, kapachike pamthunzi, mbali ya kumpoto kwa nyumba. Ukakaika padzuwa kadzakunamiza.

Malamulo ndi atatu okha. Loyamba, uziyeza nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Oyeza mvula a kuno amayeza 9 koloko m'mawa, koma iwe nthawi imeneyo uli m'kalasi, ndiye sankha 7:30 usananyamuke. Lachiwiri, ulembe zimene waona ndi maso ako, osati zimene wamva. Lachitatu ndilo lovuta: ukaiwala tsiku, usiye mpata wopanda kanthu. Usapeke. Mpata umauza wowerenga zoona, kuti tsikulo sunayeze. Nambala yopeka imaipitsa ndi zinzake zomwe, chifukwa palibenso angadziwe kuti yoona ndi iti.

Tsiku limodzi likhoza kuoneka chonchi: "Lolemba, 7:30. Madigiri 4. Mvula mamilimita 2. Nkhungu m'mawa. Mphepo yochokera kumpoto. Mtengo wa pa geti wayamba kuphukira." Basi, mizere iwiri.

Waona kuti ndalemba m'Chichewa. Iwenso utero, chifukwa chiyankhulo chathu chili ndi mawu akuthwa pa nkhani ya kumwamba. Mvula yowaza pang'onopang'ono, ija imakunyowetsa usakudziwa, ndi mawawa. Yogwa tsiku lonse osakata ndi mvumbi. Timiyala toyera togunda pa zenera ndi matalala. Madzi a pa udzu m'mawa ndi mame, ndipo akauma n'kuyera ngati mchere timati kwagwa chisanu. Kung'anima ndi mphenzi, kugunda ndi bingu. Amene amangolemba kuti "mvula" tsiku lililonse sanayang'ane bwino. Pamene ukusankha pakati pa mawawa ndi mvumbi, m'pamene maso ako akuphunzira kuona.

Kopeli lidzakuthandizanso pa foni ya Lamulungu. Ndikudziwa mmene zimakhalira: agogo akuti, "Muli bwanji kumeneko?" iwe n'kuti, "Tili bwino, kaya inu agogo?" kenaka zii, foni yabwerera kwa amayi. Ulendo uno tsegula kope. Uwauze kuti, "Agogo, kuno sabata ino matalala agwa kawiri." Uwafunse ngati mvula yayamba kukata, chifukwa nthawi imene mitengo ikuphukira kuno, ku Malawi dzinja limakhala likupita kumapeto ndipo anthu akudya mondokwa ndi maungu. Mu Meyi, iwe ukamavula jekete, iwo amakhala akutulutsa mabulangete. Munthu amene walimapo munda sasowa chonena pa za mvula. Udzaona foni ikutenga theka la ola.

Sindikunamiza, masiku ena udzatopa nazo. Padzakhala sabata imene udzalemba "mitambo, mitambo, mitambo" mpaka kuboweka. Lembabe. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsamba limodzi silinena kanthu, koma masiku 92 akaikidwa pamodzi amayamba kuyankhula. Udzaona tsiku lomaliza kugwa chisanu, sabata imene munayamba kudya chakudya chamadzulo kunja kukadali kowala mawotchi atasunthidwa Lamulungu lomaliza la Malichi, ndi mphepo imene imakonda kubwera ndi mvula kwanuko.

Loweruka lomaliza la Meyi aliyense abwere ndi kope lake. Tidzawayala pa tebulo n'kuyerekeza kuti ndi kwa yani kunagwa mvula yambiri, ndiponso ngati matalala anagwa tsiku limodzi kwa tonse. Botolo lija ulikonze lero, usanayatse TV.