Palibe waletsa chigubu, tikunena jumbo

Kodi lamulo limatenga zaka zingati kuti liyende kuchokera ku ofesi kufika pamsika? Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015. Mu 2019 bwalo lalikulu la apilo linagamula kuti boma silinalakwe. Koma pitani mukagule tomato lero, akuthirirani m'kajumbo komweko, n'kuonjezera kena poopa kuti koyambako kang'ambika musanafike pa siteji. Lamulo likangoti ligwire ntchito, eni mafakitale amathamangira kukhoti kukatenga chiletso, nkhani n'kugona.

Ndiye mverani nyimbo yawo: akuti pulasitiki ndi chitukuko, akuti ife tikufuna anthu abwerere kotungira madzi m'zipanda. Abale inu! Ndani analetsa chigubu?

Tembenuzani botolo la madzi akumwa. Pansi pake pali kachizindikiro ka ngodya zitatu, mkati mwake nambala 1. Ameneyo ndi PET, wopepuka, woonekera mkati, ndipo amayi a thobwa amamutsuka n'kumugwiritsanso ntchito. Nambala 2 ndi HDPE, wa chigubu cha malita 20 chija chimabwera ndi mafuta ophikira kenako n'kutumikira pamjigo zaka zambirimbiri. Nambala 3 ndi PVC, wa mapaipi a madzi ndi zokutira nthambo za magetsi. Nambala 5 ndi PP, wopirira kutentha, wa thumba la feteleza ndi mipando ija timabwereka pamaliro. Palibe wakhudza zimenezi. Lamulo likunena za pepala losakwana ma micron 60, kutanthauza mamilimita 0.06. Basi.

Eni mafakitale akudziwa bwino kusiyana kwake, si ndiwo amagula makinawo? Kusakaniza jumbo ndi paipi ndi dala, akufuna jumbo ibisale kumbuyo kwa chigubu.

Chigubu chikaboka, mayi amachidula n'kudzalamo masamba kapena kumwetsera nkhuku. Botolo amalitola ana n'kukagulitsa. Nanga jumbo yopyapyala ndani angaitole? Ogula zinyalala zapulasitiki amayeza pa sikelo, ndipo kajumbo kalibe kulemera. Kamagwira ntchito mphindi zochepa, kenako kamauluka, kukakodwa pamtengo, kutsikira m'ngalande. Mvula yoyamba ikagwa, imani pamlatho wa Mudi ku Blantyre kapena wa mtsinje wa Lilongwe muone zimene madzi asenza. Ngalande zikatsekeka madzi amalowa m'nyumba za anthu, otsalawo n'kukhala chiswero cha udzudzu. Funsani opha mbuzi zimene amapeza m'chifu. Ndipo sindikunena za tchipisi chotentha chothiridwa m'jumbo mafuta ali chuchuchu, kapena utsi umene mwana amapuma poyatsira mbaula.

Eni mafakitale akapanikizika amatulutsa mfundo ya ntchito: anthu athu achotsedwa, mabanja avutika. Chifundo chadzidzidzi chimenechi chimangobwera tsiku lopita kukhoti. Fakitale yopanga pepala lopyapyala ingalephere bwanji kupanga lochindikala, lomwe lamulo likulola? Anapatsidwa nthawi yokonzekera, ndipo zaka zonsezi ndalama zolipira maloya zakhala zikupezeka, koma zosinthira makina ayi. Rwanda inaletsa majumbo mu 2008, Kenya mu 2017. Anthu aku Kigali ndi Nairobi akugulabe tomato, madzi akuyendabe m'mapaipi a PVC, zigubu zili m'nyumba zawo.

Nawonso oyenera kulanda katundu woletsedwayu asiye kutiseweretsa. Akadzuka amakalanda timajumbo kwa mayi wogulitsa mandasi, makamera ali pambuyo, pomwe geti la fakitale yomwe timajumboto tinachokera akulidziwa, ndipo amadutsapo m'mawa uliwonse popita kuntchito.