Ana Olumala Nawonso Alangizidwe

Mtsikana wosamva wa ku Madziabango amakula ndi kutha msinkhu monga mnzake wina aliyense. Chimodzimodzinso mnyamata wosaona wa ku Lirangwe, kapena mwana wa ku Chileka amene nzeru zake zimagwira zinthu mochedwa. Komatu anzawo akamapita kwa anankungwi ndi aphungu, ana otere kawirikawiri amatsala pakhomo, chifukwa makolo ena amaganiza kuti nkhani za kukula kwa thupi siziwakhudza. Maganizo amenewa ngolakwika ndiponso ngoopsa.

Kalembera wa mu 2018 anasonyeza kuti mwa anthu 10 alionse a zaka zisanu kapena kuposerapo, mmodzi ali ndi ulumali. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2015 ndi 2016 anapezanso kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, atsikana 29 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Ngati vutoli likugwera ana amene amamva malangizo, kuli bwanji mwana amene sanauzidwepo kanthu?

Anthu oipa mtima amadziwa kuti mwana wosalankhula sangawanenere kwa mfumu. Enanso amakhulupirira bodza lakuti kugona ndi mtsikana wachialubino kumachiza Edzi. Choncho kumubisira mwana mwambo sikumuteteza ai, koma kumupereka m'manja mwa afisi.

Mwana aliyense auzidwe, mwaulemu ndi molingana ndi msinkhu wake, za kusamba kwa atsikana, za kusintha kwa thupi la anyamata, za malo amene munthu wina sayenera kumugwira, ndiponso za munthu amene angamuuze wina akamuvutitsa. Wosamva auzidwe m'chinenero cha manja, wosaona m'zilembo za Braille, ndipo wochedwa kumvetsa abwerezeredwe moleza mtima.

Boma linachita mbali yake. Mu 2012 linakhazikitsa lamulo loteteza anthu olumala, limene linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano mu 2024. Mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Sukulu ya Montfort ku Nguludi imasula aphunzitsi a ana otere. Koma lamulo silifika lokha pakhomo la munthu.

Nchifukwa chake mafumu, aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo ayenera kudziwa makomo amene muli ana olumala ndi kukambirana ndi makolo awo. Mwana akagwiriridwa, athamangire naye kuchipatala asanathe maola 72, kuti akalandire mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV, ndipo nkhaniyo ikafike kupolisi. Mlandu wotere si wothetsa ndi nkhuku kapena mbuzi pabwalo la mfumu.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, angakhale samva, saona kapena sayenda.