Sitovu yamagetsi ku Kadoma ndi Chegutu

Boma la Zimbabwe liyenera kukonza kaye magetsi lisanalimbikitse anthu kuphikira pa sitovu. Damu la Kariba litayamba kupereka magetsi cha m'ma 1960, otsatsa malonda ankakopa amayi ponena kuti sitovu iwachotsera utsi ndi mwaye m'khitchini. Ku Gatooma ndi Hartley, komwe lero ndi Kadoma ndi Chegutu, uthengawo unkalunjika kwa azungu, pomwe Amalawi ambiri ogwira ntchito m'migodi ankaphikabe pa nkhuni. Ena anganene kuti otsatsawo sananame, poti sitovu imatetezadi mapapo ndi mitengo. N'zoona. Komabe mu 2019, madzi atachepa ku Kariba, kampani ya magetsi ya ZESA inkazimitsa magetsi mpaka maola 18 patsiku, moti mabanja a ku Rimuka ku Kadoma ndi a ku Pfupajena ku Chegutu amene anagula sitovu anabwerera ku nkhuni ndi makala.