Msonkho wa pa mafuta umalasa ndi woponya yemwe

Pa 1 Febuluwale 2025, pulezidenti wa United States, Donald Trump, adasainira lamulo loika msonkho wa 25 peresenti pa katundu wochokera ku Canada, koma pa mafuta adaika 10 peresenti yokha. Msonkhowo udayamba pa 4 Malichi, ndipo patangopita masiku atatu katundu wotsatira pangano la malonda la USMCA adamasulidwa. Kuzengereza konseku kudaonetsa kuti boma la Washington lidadziwa kuti pa mafuta chikwapu chimabwerera mwini wake.

Chifukwa chake chili m'mapaipi. Canada imatumiza ku United States migolo pafupifupi 4 miliyoni ya mafuta osayengedwa tsiku lililonse, kuposa theka la mafuta onse otere amene dzikolo limagula kunja. Ambiri amachokera m'mchenga wa ku Alberta, ndipo ndi olemera, odzaza sulufule. Mafakitale oyengera a m'madera a Chicago, Detroit ndi Minnesota adakonzedwa kuti aziyenga mafuta a mtundu womwewo. Mafuta opepuka a ku Texas sangalowe m'malo mwake popanda kusintha makina ndi ndalama zankhaninkhani. Choncho msonkho ukaikidwa, woyenga amagulabe, ndipo gawo lina la mtengowo amalikankhira kwa mlimi wothira dizilo m'thalakitala ndi woyendetsa galimoto. Walira mvula walira matope.

Ena amati Canada ndiye angalipire, ndipo m'mawu awo muli choonadi. Pafupifupi migolo 9 mwa 10 iliyonse imene dzikolo limagulitsa kunja imapita kwa wogula mmodzi yemweyo. Wogulitsa wopanda msika wina amakakamizika kutsitsa mtengo. Komabe zimenezi sizisandutsa msonkhowo kukhala wanzeru. Zikungosonyeza kuti anansi awiri omangidwa ndi paipi imodzi amagawana bala. Paipi ya Line 5 imanyamula mafuta a ku Canada kudutsa m'Wisconsin ndi m'Michigan n'kukawatula ku Sarnia, ku Ontario, m'Canada momwemo. Malonda olukana chonchi sangadulidwe mbali imodzi yokha.

Chimene chidapatsa Canada mpata wopuma ndi paipi ya Trans Mountain, yomwe boma lidagula mu 2018. Itakulitsidwa n'kutsegulidwa mu Meyi 2024, idayamba kutha kunyamula migolo 890,000 pa tsiku kupita kugombe pafupi ndi Vancouver, kumene sitima za ku Asia zimakatenga mafutawo. Ntchitoyo idadya madola a ku Canada pafupifupi 34 biliyoni ndipo idanyozedwa kwambiri. Chiopsezo cha msonkho chitafika, ambiri adazindikira kuti ndalamazo zidagula njira yachiwiri.

Mayiko opanda nyanja a kum'mwera kwa Africa akuidziwa nkhaniyi, ngakhale iwo ndi ogula. Zambia imadalira kwambiri paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, Zimbabwe paipi yochokera ku Beira kufika ku Feruka pafupi ndi Mutare. Kumapeto kwa 2024, zipolowe za chisankho ku Mozambique zidasokoneza msewu wa ku Beira, ndipo mizere ya pa malo omwetsera mafuta m'Malawi, yomwe kusowa kwa ndalama zakunja kudaiyambitsa kale, idatalika. Atsogoleri a mayikowa akamayesa mtengo wa njanji ya ku Nacala kapena wa nkhokwe zosungira mafuta, ayenera kuwerengeranso mtengo wa tsiku limene njira imodzi yokhayo idzatsekeke.