Chiswe chidadya Nthondo wanga

Mwezi watha mdzukulu wanga adandipempha buku la Nthondo, lija Samuel Ntara adalemba ndipo lidasindikizidwa koyamba mu 1933. Ndidamuyankha monyadira kuti ndili nalo. Titakoka katoni yomwe idakhala pakona ya chipinda zaka zinayi, pansi pake panali dothi lokhalokha. Chiswe chidabwera kuchokera m'khoma ndipo chidadya Nthondo yense ndi theka la Mbiri ya Achewa. Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe silidapezeke konse. Ndikukumbukira kuti wina adalibwereka, koma dzina lake ndidaliiwala kalekale.

Tsiku limenelo ndidachita manyazi. Ambiri mwa mabukuwa sapezekanso mophweka m'masitolo, ndiye likatayika latayikiratu.

Ndidaitanitsa kalipentala kuti andikhomere shelefu ya matabwa, yokwera kuchoka pansi komanso yosakhudza khoma, chifukwa chinyezi cha dzinja ndi chiswe zimalowera kumeneko. Kenako ndidagawa mabukuwo m'magulu. Malaibulale aakulu amatsata njira ya Melvil Dewey ya 1876 yomwe ili ndi magulu khumi. Ine pakhomo ndidangopanga asanu: za chipembedzo, nthano ndi nkhani za Chichewa, mbiri, mabuku a sukulu, ndi za ulimi.

Chofunika kwambiri ndi kope. Ndidagula kope lachikuto cholimba, ndipo buku lililonse ndidalipatsa nambala yomwe ndidalemba ndi pensulo mkati mwa chikuto. M'kopemo muli nambalayo, mutu wa buku, mlembi, ndi gulu lake. Masamba akumapeto ndi a obwereka: dzina, tsiku lotenga, tsiku lobweza. Mlamu wanga adadandaula kuti ndayamba kumuyesa mlendo. Ndidamuuza kuti kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Abweze loyambalo, atenge lina.

Chilimwe chikafika, ndizitsitsa mabuku onse, kuwapukuta ndi kuwayanika pamthunzi tsiku limodzi.

Inu awerengi, ganizirani izi. Munthu akamwalira, abale amagawana mipando ndi zovala, koma mabuku osalembedwa paliponse amathera kumsika kukulungira mtedza ndi mandasi. Kope laling'ono lija limauza otsala kuti izi zinali chuma. Tsegulani katoni yanu sabata ino, chiswe chisanakutsegulireni.